MWANA WANZERU AMENE SANABVUTIKEPO

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a mishoni, umene unacitikira ku Chazanga, kumpoto kwa Lusaka.



Nkhani ya masana ano iri ya ana aja amene anabadwa ndi nzeru zoposa za anzao, makamaka za zimene ziwaonekera pamene alowa m'masukulu akulu a Yunivesite. Kapena wina ali kudzifunsa mumtima kuti, Nanga mphunzitsi wa Giredi 4, amene ana ace aculuka kotero kuti ena alembera pa maondo, ali nayo nchito yanji Yunivesite? Funso limeneli nloyenera, ndipo yankho lace ndi ili: mwana wanzeru akagwa ku Yunivesite, kawiri-kawiri dzenje limene agweramo linakumbidwa kale, iye akali wa zaka 10, ndipo olikumba anali anthu omkonda.

Mwanayo aphunzitsi onse amdziwa. Mphunzitsi asanatsirize kulemba samu pa bolodi, iye wakweza kale dzanja. Buku limene anzace aliwerenga mwa cibwibwi mwezi wathunthu, iye walitha masiku awiri, nayamba kuyang'ana kunja pa zenera. Tsono mphunzitsi, pokhala nao ana ena ambiri osadziwa kulemba ndi dzina lao lomwe, acita cimene munthu ali yense wotopa akadacita. Ampatsa mwana uja nchito ya kulemba maina a ocita phokoso, amtuma kukatenga coko ku ofesi, amuimika pa bolodi kuti alembere anzace, ndipo nthawi zina amtuma kukatunga madzi a kunyumba. Pa msonkhano wa aphunzitsi dzina lace silichulidwa, pakuti onse abvomerezana kuti, “Uyu alibe bvuto, aphunzira yekha.” Palibe amene acita zimenezi mwa njiru. Koma zotsatira zace nzakuti mwanayo atsiriza pulaimale yonse, mwinanso sekondale yomwe, osakhalapo ngakhale tsiku limodzi pamaso pa funso lomkanika. Masamu ndi Cingerezi aphunzira, inde. Aphunziranso phunziro lina limene palibe analilemba pa bolodi, lakuti munthu wanzeru ndiye wofulumira, kuti kubwereza cinthu kawiri nkwa mbuli, ndi kuti wofunsa adziulula yekha kuti sadziwa.

Ndiponso si mwana wanzeru ali yense amene akweza dzanja. Alipo wina wokhala kumbuyo, wa malembedwe onga popalasa nkhuku, amene afunsa mafunso okwiyitsa pakati pa phunziro. Alipo mtsikana wofika mocedwa masiku onse, cifukwa ayamba wapita ku mpope ndi kukayala tomato pa msika. M'kalasi aodzera, koma madzulo awerengera amace ndalama za malonda a tsiku lonse pamtima, osaphonya ngwee. Otere mayeso a pa temu sawaonetsa msanga, ndipo mphunzitsi wongoyang'ana malikisi adzawapitirira monga munthu apitirira bowa wobisala pansi pa masamba.

Dziko lino lidziwa mtengo wa mwana wotere. Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko okhala ndi digiri anangopitirira pang'ono 100, m'dziko la anthu oposa mamiliyoni 3. Sukulu ya Munali kuno ku Lusaka inali kwa zaka zambiri khomo lalikulu, ndiponso lopapatiza, limene mnyamata wanzeru anadzerapo. A Kenneth Kaunda anaphunzira kumeneko kuyambira 1941 kufikira 1943. A Lameck Goma, mwana wa ku Lundazi, anadzera pa Munali, napita ku Fort Hare ndi ku Cambridge, nakhala zaka zingapo ku Uganda ali kusanthula makhalidwe a udzudzu. Ndipo m'caka ca 1969 anakhala Mzambia woyamba kutsogolera University of Zambia. Mabuku achula Munali ndi Cambridge, koma sachula mphunzitsi wa kumudzi amene anayamba kuwagwiritsa sileti. Yunivesiteyo inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, potsata uphungu wa bungwe la Sir John Lockwood la 1963, ndipo poimanga anthu wamba anasonkha nao, wina ndalama, wina nkhuku, wina mbuzi. Kuyambira pamenepo makomo aculuka. Copperbelt University inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987, Mulungushi University ku Kabwe mu 2008, ndipo m'caka ca 2022 boma linacotsa ndalama za sukulu kufikira Giredi 12. Motero ana a kumidzi ndi a m'makomboni amene adzafika pa cipata adzaposa a kale. Cotsala ndico kudziwa cimene ciwacitikira akalowa.

Cimene mwana uja sanauzidwe ndi ici, kuti onse amene alowa naye pamodzi anali oyamba kwao. Wa ku Lundazi anali woyamba, wa ku Mongu anali woyamba, wa ku Matero anali woyamba. Ndipo m'cipinda ca anthu mazana angapo woyamba akhala mmodzi yekha. Kwa zaka zambiri mwambo wa pa University of Zambia unali wakuti ofuna udokotala, uinjiniya kapena za migodi ayambe alowa onse pamodzi m'sukulu ya Natural Sciences, ndipo malikisi a caka coyambaco ndiwo anali kugamula kumene ali yense adzapita. Mphunzitsi wa kumeneko alankhula ola limodzi, natuluka. Sadziwa dzina la munthu, safunsa ngati onse amva, ndipo sayendera mabuku madzulo. Pambali pa mwana wa ku Chazanga pakhala wina wocokera ku David Kaunda kapena ku Hillcrest, amene zipangizo za sayansi anazigwira ndi manja ace zaka zitatu, pamene uyu anangoziona zojambulidwa ndi coko. Afika mayeso oyamba. Pepala libwera ndi malikisi amene iye sanawaonepo cibadwire.

Pamenepo mwana wamba, wozolowera kugwa ndi kudzuka, angoti, “Ndawerenga mocepa,” napita kukafunsa mnzace. Koma mwana wanzeru uja alibe mau otere, cifukwa sanawerengepo ndi mphamvu, ndipo sadziwa kuti kuwerenga ndi mphamvu nkutani. Cimene aganiza iye ncakuti nzeru zace zatha, kapena kuti sanali wanzeru ndi kale lomwe, koma anangonyenga anthu a kwao. Wofufuza wina, Herbert Marsh, analemba za ici m'caka ca 1984: ana a nzeru zofanana adziyesa ocepa akakhala pakati pa opambana okha-okha, nadziyesa akulu akakhala pakati pa ofooka. Mlamba umene unali mfumu m'thamanda la kumudzi, ukaponyedwa mu Kafue uyamba kukayika ngati ulidi nsomba. Ndipo mu 1978 Pauline Clance ndi Suzanne Imes anafotokoza za akazi oposa 150, opambana m'maphunziro ndi pa nchito, amene mumtima anali kuopa kuti tsiku lina anthu adzazindikira kuti iwo sayenera malo amene ali. Nthenda imeneyi siisankha akazi okha.

Tsono mwanayo akhala cete. Makolo akale anati safunsa anadya phula, koma iye anaphunzitsidwa zaka 12 kuti ofunsa ndiwo ena, ndipo iye ndiye wofunsidwa. Ku ofesi ya mphunzitsi sapita. M'kagulu ka anzace owerengera pamodzi salowa, kuopa kuti angaone kusadziwa kwace. Kunyumba nako sangathe kuulula, pakuti komboni yonse yayamba kale kumuitana “adokotala,” ndipo amace ayenda monyada ku chalichi. M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, kapolo uja anakwirira ndalama pansi anachula mantha monga cifukwa cace. Ndipo pali ana ambiri a mphatso amene anakwirira zao m'caka coyamba ca Yunivesite pa cifukwa comweco, si ulesi iai.

Za kumene manthawo acokera pali umboni woyenera kuumva aphunzitsi a pulaimale, cifukwa unatengedwa pa ana a msinkhu wa ana ao. M'caka ca 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck, ku America, anapatsa ana a Giredi 5 mafunso osabvuta. Atakhoza, ena anatamandidwa kuti ngwanzeru, ena anatamandidwa kuti agwira nchito molimba. Pambuyo pace onse anapatsidwa mafunso obvuta. Aja otamandidwa cifukwa ca nzeru anafooka msanga, anasankha nchito yapafupi pamene anapatsidwa mwai wosankha, ndipo pafupi-fupi 4 mwa 10 ali onse ananama za malikisi ao pouza ana ena. Aja otamandidwa cifukwa ca khama analimbikira. Asayese munthu kuti kusintha mau a citamando kokha ndiwo mankhwala a zonse. Njala siimva citamando ca mtundu uli wonse. Koma mau akuti “Iwe ndiwe wanzeru,” amene atuluka mosabvuta pakamwa pa mphunzitsi wokondwa, ali ndi mtengo wace, ndipo wolipira ndi mwanayo.

Pali mtundu winanso wa mwana wa mphatso, amene nzeru zace zonse zatsamira mbali imodzi. Citsanzo cace codziwika ndi Srinivasa Ramanujan wa ku India, wobadwa mu 1887. Iye analowa koleji ku Kumbakonam mu 1904 ndi thandizo la ndalama cifukwa ca masamu ace, koma pokana kusamala maphunziro ena onse analephera mayeso, nalandidwa thandizolo. Anayesanso ku Madras, nalepheranso. Anakhala kalaliki wa pa doko, ali kudzaza makope ndi masamu amene palibe womzungulira anatha kuwamva. Mu 1913 analembera kalata G. H. Hardy wa ku Cambridge. Akatswiri ena amene anawalembera poyamba sanamthandize, koma Hardy anakhala pansi nawerenga. Ramanujan anafika ku England mu 1914, ndipo mu 1918 anasankhidwa kulowa m'bungwe la Royal Society. Koma iye sanali kudya nyama, anali kudziphikira yekha m'masiku a nkhondo pamene cakudya cinasowa, m'dziko lozizira, kutali ndi abale. Anadwala, nabwerera kwao mu 1919, namwalira mu 1920 ali ndi zaka 32.

Mbiri imeneyi iri ndi mbali ziwiri zokhudza aphunzitsi a kuno. Yoyamba njakuti mwana wokonda masamu okha ayenera kukakamizidwa, mwa cikondi koma osamlekerera, kuti alembe Cingerezi cabwino; pakuti Yunivesite ifuna kuti wolowa akhale atakhoza bwino maphunziro asanu, ndipo Cingerezi ciri pakati pao. Mnyamata angathe kuposa mphunzitsi wace pa masamu, natsekeredwa kunja cifukwa ca cimangirizo cimene sanafune kucilemba. Yaciwiri njakuti Hardy anasamala bwino masamu a mlendo wace, koma mimba ndi mtima wa mlendoyo zinasowa wozisamala.

Za mimba ziyenera kunenedwa poyera. Wocokera kuno ku Chazanga kupita ku Yunivesite pa mseu wa Great East akwera mabasi awiri popita ndi awiri pobwera, ndipo ndalama zace ziposa zimene banja lambiri lidyera pa tsiku. Zipinda zogona za pa sukulupo sizikwanira onse, cotero ena apanikizana ndi anzao, ena alipira kacipinda ku Kalingalinga. Kuyambira 2016 nkhongole za ophunzira ziyendetsedwa ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board. Ndalama za cakudya zinacotsedwa mu 2019, ndipo zinabwezedwa mu 2023. Nkhongoleyo ndi nkhongole ndithu, yobweza munthu akatsiriza, ndipo si onse opempha amene alandira. Mwana wa m'tauni amva msanga tsiku lotseka mapempho. Wa kumudzi amva litapita. Apa mphunzitsi, amene ali ndi lamya ndipo adziwa kuwerenga zilengezo, angathe kucita cimene makolo sangathe: kuona kuti mwanayo watenga citupa cace ca NRC pofika zaka 16, kuti dzina lace lalembedwa cimodzi-modzi pa mapepala onse, ndi kuti pempho lapita nthawi isanathe. Ayeneranso kudziwa kuti kuyambira 2022 thumba la CDF lithandiza ana osowa kulipira ku masukulu ogonera komweko ndi ku masukulu a nchito za manja, ndipo njira yace idzera m'makomiti a m'dera.

Koma nchito yaikulu iri m'kalasi, ndipo m'mera mpoyamba. Mwana wanzeru ayenera kupatsidwa cinthu comkanika sabata iri yonse. Izi sizifuna ndalama. Mphunzitsi asunge katoni kumbuyo kwa kalasi, momwe muli timapepala ta mafunso otengedwa m'mabuku a makalasi apamwamba ndi m'mayeso akale, ndipo wotsiriza nchito msanga apite kukatenga kamodzi m'malo mwa kulemba maina a ocita phokoso. Funsolo likhale loti angagone nalo masiku atatu. Akabwera nati, “Aphunzitsi, landikanika,” mphunzitsi asathamangire kumuuza yankho, ndipo asaonetse kudabwa. Angomfunsa kuti wayesa njira ziti, namsonyeza pamene panapotoka, nambweza. Tsiku limenelo ndi la mtengo wapatali kuposa masiku onse amene anapeza 10 pa 10, cifukwa walawa kulephera pamaso pa munthu womkonda, naona kuti dziko silinathe. Yankho lopanda njira yace lisalandiridwe, ngakhale liri lolondola. Mwana wotere acita zambiri m'mutu, ndipo ku Yunivesite adzamfunsa njira. Kuphunzitsako anzace nkwabwino, pakuti wofotokozera mnzace amvetsa kawiri. Koma kusakhale nchito yace ya masiku onse, ndipo nthawi zina aikidwe pa gulu limene iye ndiye ayenera kufunsa. Mphunzitsi yemwe asacite manyazi kunena kuti, “Ici sindicidziwa, tiyeni tikacifune m'buku.” Mwana amene anamva mau amenewa pakamwa pa mphunzitsi wace adzatha kuwanena yekha pa zaka 19.

Ndipo apatsidwe mabuku, ngakhale ooneka ngati omkulira. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, anasiya sekondale m'njala ya 2001 ndi 2002 cifukwa makolo ace analibe ndalama za sukulu. M'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya kwao anapeza buku la Cingerezi lochedwa Using Energy, limene mau ace ambiri sanawamve; anatsata zithunzi, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina a mphepo opanga magetsi, ndi zitsulo zotola ndi njinga ya atate wace. Anthu anamuyesa wamisala. Mu 2006 a Dr Hartford Mchazime, ogwira nchito ya maphunziro, anapita kukaona, naitana atolankhani, nayesetsa kuti mnyamatayo abwerere ku sukulu. Iye anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, natsiriza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Aphunzitsi azindikire kuti mabuku amenewo anali pa sukulu ya pulaimale, ndi kuti sanatsekeredwe m'kabati ya mphunzitsi wamkulu kuopa kuti angade.

Ena anena kuti ana otere angosonkhanitsidwa m'masukulu ao-ao, monga Hillcrest ndi David Kaunda kuno, kapena Kamuzu Academy imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981. Masukulu amenewa ali ndi ubwino wace, pakuti mwana akumana msanga ndi omposa. Koma atenga owerengeka, ndipo asankha ndi mayeso. Mtsikana wa tomato uja mayeso adzamsiya, ngati panalibe wina womuona iye asanalembe.

Makolo nao afunika kukhala nao pansi mwanayo asanapite. Auzidwe kuti dzina la udokotala aliyembekezere, kuti malikisi otsika m'caka coyamba si cizindikiro ca mowa kapena cibwenzi masiku onse, ndi kuti ndalama za cakudya zimene mwana alandira nza cakudya cace. Ici ncobvuta kucinena m'nyumba imene ufa watha, ndipo mwana wabwino adzatumiza yekha osapemphedwa, iye nagona ndi madzi. Koma womva cisoni ndi abale ace pa njira imeneyi kawiri-kawiri abwerera kwao wopanda digiri, ndipo nkhongole imtsata. Munthu woyenera kunena zimenezi ndi mphunzitsi wakale wa mwanayo, cifukwa makolo amkhulupirira.

Mwanayo atapita, mphunzitsi asamtaye. Nthawi yoopsa ndi pamene mapepala a mayeso oyamba abwezedwa, patapita masabata owerengeka cilowere. Pamenepo amtumizire mau pa lamya, ndipo asafunse kuti wakhala nambala yanji. Afunse kuti phunziro lomsautsa koposa ndi liti, awerenga ndi yani, wapitako ku ofesi ya mphunzitsi wa phunzirolo kapena iai, ndiponso wadya ciani dzulo. Akayankha kuti zonse ziri bwino, ndi mau awiri okha, afunsidwenso sabata yamawa. Ndipo cikacitika coipa, mwanayo nacotsedwa pa sukulu, kawiri-kawiri sabwera masana. Afika usiku, nadzitsekera m'nyumba, kapena atsalira m'tauni kwa mnzace osauza munthu. Mphunzitsi apite yekha kukamuona, asadikire kuitanidwa, ndipo apite atafunsa kale za malamulo a kubwereza caka ndi a kusintha maphunziro, ndi za masiku olembetsa ku Evelyn Hone College, ku Northern Technical College ya ku Ndola, ndi ku Chalimbana.